Mzere wa Anachisale

Mmisiri womanga chiliza anafika Lachiwiri m'mawa, matumba awiri a simenti pa njinga, kapepala m'thumba la malaya. Anati za mawu a pamwala ndisavutike nazo, ali nawo kale a Chingerezi okoma amene amalembera aliyense. Ndinamuuza kuti kapepalako akabwezere momwe wakachotsa. Amene agona pamenepo ndi apongozi anga, Anachisale, ndipo anasiya atanena kuti pa chiliza chawo pasadzaoneke Chingerezi, chifukwa mpata wodzuka kudzakonza sadzakhala nawo. Ankati manda a kwathu kuno kwa Kapelula adzaza ndi anthu amene anawagoneka mu chidutswa m'malo mwa mtendere, poti m'Chingerezi mawu awiriwo amamveka chimodzimodzi ndipo amisiri amangotola lomwe lawayandikira. Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda.

Ndinene zoona, sindinkawakonda. Mwana wawo wachiwiri, Gelesomu, atanditenga chitengwa kudzakhala pamudzi pano, ndinapeza mayi wamtali, wouma thupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati mbuzi ya pamsika yomwe akuiganizira kuti ndi yakuba. Za kwathu sanandifunse. Anangofunsa kuti sukulu ndinalekezera pati. Nditati sitandade faifi, anangoti "Oho," n'kutembenuka. "Oho" ameneyo ndinakhala naye zaka makumi awiri ndi zitatu.

Kuyambira ali mtsikana, Anachisale ankagwira ntchito yotayipa mu ofesi ya esiteti ina ya fodya cha ku Chamama. Esitetiyo itatsekedwa, anzawo anakanganirana malata ndi mawilibala, koma iwo anasenza makina otayipira pamutu n'kubwera nawo kumudzi. Anawaika pa tebulo pakhonde, ndipo khondelo linasanduka ofesi ya mudzi wonse. Kalata yofunsira ntchito, fomu ya kalabu ya fodya, pepala la kuchipatala, zonse zinkadutsa pamenepo. Sankalipiritsa munthu. Malipiro ake anali oti ukhale pansi umve kaye zolakwa zonse za amene analemba pepalalo, pamodzi ndi za aphunzitsi ake.

Chingerezi cholakwika chinkawadwalitsa ndithu. Asanamve n'komwe zimene pepala likunena, cholembera chofiira chinali chitatsika kale m'duku momwe ankachisomeka. Munthu akasokoneza liwu la kubwereka ndi la kubwereketsa, ankamenya tebulo. Akasokoneza la "kumeneko" ndi la "chawo", ankavula magalasi n'kutsinzina ngati akupempherera wolembayo. Tsiku lina mlembi wa mpingo analemba pa bolodi ndondomeko ya msonkhano, ndipo chilembo chimodzi chinasandutsa kupemphera kukhala kusewera. Anachisale anadzuka pakati pa nyimbo, anayenda mpaka kutsogolo, nakafufuta ndi nsonga ya chitenje mpingo wonse ukuona. Lipoti la kusukulu la mwana wanga Tadala linabwerera kwa aphunzitsi ake lili psuu, pansi pake atalembapo kuti onaninso.

Mkangano wawo wotchuka unali wa ndi a Saidi, mwini golosale pa Chamama. Pa chikwangwani cha a Saidi chilembo chimodzi chinasandutsa mpunga kukhala nsabwe. Anachisale anaima pakhomo, osalowa, n'kuwauza kuti akonze.

"Mayi, mpunga wanga umapsa bwinobwino ngakhale chikwangwani chalakwika," anatero a Saidi akuseka.

"Wolakwitsa chikwangwani amalakwitsanso sikelo," anayankha iwo.

Zaka zisanu sanapondemo mu golosale imeneyo. Ankapita kutsidya kwa msewu, kwa munthu wa chikwangwani cholondola amene tonse tinkadziwa kuti sikelo yake inali ndi mwala pansi. Pa a Saidi anaphonya, ndipo ankaphonya pa anthu ambiri. Tsiku la maliro a Anachisale, a Saidi anabwera ndi thumba la mpunga womwewo, anakhala ndi amuna anzawo mpaka kumanda, ndipo pobwerera anandiuza kuti chikwangwani chija anachikonza kalekale, kungoti mwini mkangano sanafune kudzachiona.

Kwa iwo chilembo sinali nkhani ya sukulu. Ankati munthu amene sasamala kachilembo sasamalanso malire a munda. Koma pepala lopanda cholakwa chilichonse ankalikayikira koposa, ati ameneyu wasamba kwambiri, akubisa fungo lanji. Mlendo wopereka moni wautali ndiye kuti akufuna kanthu. Wobwera ndi chikwanje ankati ndi wabwino, chifukwa umamuonera patali; woopsa ndi wobwera ndi pepala akumwetulira. Kalata ikafika ankaiyang'ana kaye padzuwa asanaitsegule. Nkhuku ankaziwerenga m'mawa ndi madzulo, ndipo imodzi ikachedwa kulowa, maso awo ankafika kukhitchini kwanga isanafike nkhukuyo. Gelesomu atamwalira ndi chibayo, anandifunsa katatu, masiku osiyanasiyana, zimene anadya sabata yomaliza, kuti aone ngati yankho lisinthe. Zimenezo zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero sindinaziiwale.

Pa ntchito yawo anali ndi malamulo awiri amene anabwera nawo kuchokera ku esiteti. Loyamba, pepala lililonse ankalitayipa ndi kaboni, lina n'kupereka, lina n'kuika m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Lachiwiri, mawu akatha pepala lisanadzaze, ankatenga lula n'kudula mzere pa malo otsalawo: wopingasa pamwamba, wotsetsereka pakati, wina wopingasa pansi. Ankati pepala lili ngati munda, ukasiya malo wina adzadzalamo zake. Tinkawaseka nazo. Amayi a pachitsime ankati Anachisale akhoza kudula mzere ngakhale pa tsamba la nthochi.

Ndinasiya kuseka chaka chimene Gelesomu anamwalira. Zinali zaka zija za makuponi, pamene dzina lako likasowa m'kaundula wa feteleza wotsika mtengo umadziwiratu kuti chimanga chako chikhala chofiira ngati udzu wa m'chilimwe. Dzina la nyumba yathu m'kaundulamo linali la malemu. Chinthu chachikulu chimene anatisiyira ine ndi Tadala chinali dimba la kudambo, lomwe madzi ake saphwa ngakhale mu Okutobala. Kumeneko n'kumene tinkaika nazale ya fodya, kumeneko n'kumene kunkachokera tomato ndi mpiru wotidyetsa mwezi wa njala. Mudzi wonse unkalidziwa dimba limenelo, ndipo ine, mtengwa wopanda mwamuna, ndinkadziwa kuti anthu akuliyang'ana.

Tsiku lina masana ndikuchokera kothirira nazale, ndowa ili m'manja, alamu anga a Filimoni, mwana woyamba wa Anachisale, anandikodola ali m'chigafa chawo. Fodya anali atagulitsidwa kale, m'chigafamo munali mitengo yokhayokha.

"Alamu, tabwerani kuno pang'ono. Za makuponi mwamva?"

"Sindinamve, alamu."

"Chaka chino akuti maina a anthu omwalira akuwachotsa. Mukachedwa, feteleza mumuonera kwa anzanu. Ine ndiye ndakuthamangirani, ndakatayipitsa kalata pa kompyuta pa Chamama yoti dzina la achimwene lichoke, lilowe lanu. Inu mungosaina apa, zinazo ndiyenda nazo ndine."

Linali pepala loyera bwino, mizere itatu ya Chingerezi pamwamba, ndi kamzere kosainapo pansi penipeni. Ndinazindikira dzina la Gelesomu ndi langa, basi. Mtima wanga unali pa feteleza. Ndinapukuta manja pa chitenje, ndinalandira bolopeni, ndinatsamiritsa pepalalo pa bondo.

"Pepala lanji lomawerengera m'chigafa ngati fodya wakuba?"

Anali Anachisale, ataima pakhomo la chigafa ndi ndodo yawo. Kuchokera pakhonde pawo chigafacho sichioneka bwino, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene anaona. Mwina anangoona kuti mwana wawo wadutsa ndi envulopu osawapatsa moni.

"Ndi za makuponi, amayi. Musavutike nazo."

"Tabwera nalo kuno."

A Filimoni anazengereza, koma Anachisale anali atalitsomphola kale pa bondo langa. Anakweza magalasi, anawerenga, kenako anafuula mpaka nkhuku zinabalalika.

"Mayo ine! Walemba ndani zimenezi?"

"Wa pa kompyuta uja, amayi."

"Kompyuta yakeyo inaphunzira sukulu iti? Taona apa! Pofuna kulemba mkazi wamasiye walemba zenera! Mkazi wa mwana wanga wasanduka zenera tsopano? Nanga apa, dzina la mwezi lomweli likumukanika? Mizere itatu yokha, zolakwa zinayi!"

Ndinaona mapewa a a Filimoni akutsika. Anaseka chikhakhali, kuseka kwa munthu amene amayembekeza njoka n'kupeza kuti ndi chingwe.

"Aa, amayi, zisiyeni. Si mayeso awa. Ku ofesi akamva."

"Dzina la Gelesomu silikhala pa pepala lauve ngati ili. Ndilitayipanso. Tiyeni nonse pakhonde."

Tinawatsatira ngati ana a sukulu. Anavundukula makina, analowetsa mapepala awiri ndi kaboni pakati, n'kuyamba kugogoda osayang'ana zala, akung'ung'udza za ana a masiku ano. Anatayipa mawu omwewo, mizere itatu yomweyo. Koma kamzere kosainapo anakaika pansi penipeni pa mzere wachitatu, mopanda ndi mpata woti n'kulowa chala. Kenako anatenga lula ndi cholembera chofiira n'kudula mzere wawo uja pa pepala lonse lotsala.

"Amake Tadala, sainani apa. Iwe Filimoni, saina pambalipa ngati mboni."

A Filimoni sanalinso kuseka.

"Amayi, ku ofesi akufuna la pa kompyuta lija. Ili sakalandira."

"Ofesi yake iti? Nditenge mpango tipitire limodzi, ndikawafunse."

"Basi, ndipatseni lakalelo."

"Lakaleli ndi langa. Ndizikaphunzitsira adzukulu mmene munthu sayenera kulembera."

Analowa nalo m'nyumba, ndipo tinamva bokosi lachitsulo likutsekedwa. A Filimoni anapinda pepala latsopanolo kanayi, anachoka osatsanzika. Ine ndinapsa mtima zedi. Ndinkaona kuti nkhalamba iyi yandilanditsa feteleza chifukwa cha zenera. Sabata yonse ndinkangowapatsa moni wapakamwa, ndipo mpiru wa kudimba sindinawapatseko.

Patatha masabata awiri alangizi a zaulimi anabwera kudzawerenga maina pa bwalo la sukulu. Ataitana dzina la Gelesomu, ndinaimirira n'kunena kuti anatisiya. Anthu anavomereza, alangizi anafufuta, anandifunsa chitupa changa, analemba dzina langa. Zinatha choncho. Ndinafunsa monong'ona ngati kalata ija inawapeza.

"Kalata yanji, mayi? Apa sitifuna kalata."

Ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa kuti nanga kalata ija inali ya chiyani. Ndipo sabata yomweyo ndinapeza njinga yamoto itaima kudimba kwanga, bambo wina wa ku Kasungu boma akuyeza malire ndi mapazi. Sanabise kanthu, chifukwa iye sankadziwa kuti pali chobisa. Anati a Filimoni anamuuza kuti mlamu wawo akubwerera kwawo ndipo dimba walisiya m'manja mwawo. Anati wakhala akudikira pepala losainidwa ndi mayi wamasiyeyo kwa mwezi wathunthu.

"Mayi wamasiyeyo ndine," ndinatero.

Nkhaniyo inakambidwa pabwalo la a Zefaniya, alongo awo a Anachisale, amene ndi mwini mbumba. A Filimoni anayankhula bwino kwambiri. Anati iwo ankangofuna kuthandiza mlamu wawo pa za makuponi, mlendo uja ndiye anamva molakwika. Ndinaona akuluakulu ena akugwedeza mitu movomereza. Wina mpaka anati paja dimbalo ndi la pamudzi pano, ndipo mtengwa ndi mlendo, lero ali pano mawa wapita. Pepala ndinali nditatsala pang'ono kusaina ndekha, ndi dzanja langa.

Anachisale anatuma munthu kukatenga bokosi lija. Anatulutsa pepala la pa kompyuta, analiyala pa mphasa, ndipo ndinadikira kuti ayambe za zenera. Sanatchule cholakwa ndi chimodzi chomwe. Anaika chikhatho chawo pa malo oyera a pakati pa pepalalo, kenako chinanso pansi pake. Zonse ziwiri zinakwana.

"Filimoni, mawu ako ali pamwamba apa. Dzina la mlamu wako unafuna likhale pansi apa. Nanga pakatipa unasiyira chiyani? Ukanadzalapo chiyani?"

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. A Filimoni anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi. Kenako a Zefaniya anatsokomola n'kunena kuti tizikumbukira kuti chibale ndi fupa, sichiola.

"Nayenso Tadala ndi fupa lomwelo, achimwene," anatero Anachisale, akubwezera pepala m'bokosi.

Mvula isanagwe a Filimoni anasamukira kwa akazi awo kwa Simlemba. Zaka zisanu ndi zinayi sanaponde pakhonde pa mayi awo, anadzabwera atamva uthenga wa maliro a mayiwo. Anachisale sanatchulenso dzina lawo. Koma njinga ikalira belu pamsewu, zala zawo zinkaima pa makina mpaka itadutsa.

Tsiku lotsatira mlanduwo ndinathyola mpiru wabwino, ndinapita kukagwada pakhonde kuti ndithokoze. Ndinapeza atatayipa kale pepala lina, ndi kaboni wake. Linali la Chichewa. Linkanena kuti dimbalo ndi la Tadala, ine ndikungomusungira, ndipo ndikadzakwatiwanso mwamunayo asadzapondemo ngati lake.

"Musandithokoze, amake Tadala. Sindinachitire inu. Inunso ndikukuonani. Sainani apa."

Ndinasaina misozi ili m'maso, theka yothokoza, theka yaukali. Anadula mzere wawo, anatenga mpiru, n'kuuyang'ana tsamba ndi tsamba ngati muli mbozi.

Panadutsa zaka ndisanalimbe mtima kuwafunsa. Tsiku lina tikusankha fodya pakhonde pomwepo, ndinati, "Amayi, tsiku lija m'chigafa, munadziwa?"

Anamaliza kaye kumanga ndindi ya fodya yomwe inali m'manja mwawo.

"Ndikanati mwana wanga ndiwe wakuba, akanalikhwinyata pepala lija n'kukupezani mawa kudimba muli nokha. Koma nkhalamba yolongolola za zilembo ndani amaiopa? Amangoipatsa pepala kuti ikhale chete."

Kuyambira tsiku limenelo nanenso ndinayamba kuwakayikira. Kodi ukali wonse uja, wa kutchalitchi, wa kwa a Saidi, wa pa lipoti la mwana, unali weniweni, kapena inali njira yoti pepala lililonse la m'mudzi muno lidutse m'manja mwawo? Nthawi zina ndimaganiza choncho. Koma ndimakumbukiranso sabata yawo yomaliza kuchipatala, mpweya ukuvuta, akukodola namwino ndi chala. Tinkayesa akufuna madzi. Ankaloza chidziwitso chomatidwa pakhoma, kuti liwu lachitatu lalakwika.

Maliro atatha tinatsegula bokosi lachitsulo. Munali makaboni a theka la mudzi, omangidwa ndi luzi chaka ndi chaka. Pepala la m'chigafa lija linali pamwamba. Pansi penipeni, m'kansalu, munali kalata imene a Filimoni anawalembera ali ku sekondale, yoyamba kulemba m'Chingerezi. Tadala anaiwerenga n'kunena kuti zolakwa zake n'zosawerengeka. Panalibe kadontho kofiira ngakhale kamodzi.

Mmisiri uja anamaliza ntchito yake Lachinayi. Analemba dzina lawo, zaka zawo, ndi mawu atatu a Chichewa oti ause mu mtendere, Tadala ataimirira pambali kuyang'ana chilembo chilichonse. Pansi pa mawuwo panatsala malo aakulu ngati zikhatho ziwiri. Mmisiri anati aikepo duwa kapena vesi. Ndinamubwereka msomali ndi thabwa lake, simenti isanaume, ndipo ndinadula ndekha: wopingasa pamwamba, wotsetsereka pakati, wina wopingasa pansi. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Sindinamufotokozere.

Malo amene ndalephera kudulapo mzere ndi pakhonde. Tebulo lilipobe, mwendo umodzi uli pa njerwa. Makina ali pansi pa chitenje chawo chakale, ndipo pa mpando pawo pamagona mphaka. Anthu a mapepala masiku ano amadutsa pamsewu kulunjika ku Chamama, osatembenuka. Mwezi watha mayi wina wa kutsidya kwa dambo anafika mpaka pa sitepe, envulopu m'manja, anati odi, kenako anakumbukira. Anaima pamenepo kanthawi akuyang'ana mpando, n'kubwerera ndi envulopu yake yosatsegula.

Loweruka tikuonetsa chiliza, ndipo abale onse abwera. A Filimoni atumiza uthenga kuti nawonso afika, ndipo ati mwambo ukatha ali ndi kapepala kena kofuna tikambirane monga banja. Chingerezi changa chikadali chija cha sitandade faifi. Koma ndauza Tadala kuti asese pakhonde, achotse mphaka pampando. Lula ndaipeza m'dilowa ya tebulo. Cholembera chofiira ndachiyesa pa chikhatho, chikulembabe, ndipo ndachisomeka m'duku.